Pothandiza ana a odwala khate, tiyambire ku mapazi a makolo awo

Chaka cha 1994 ambiri timachikumbukira chifukwa cha chisankho cha zipani zambiri ndi sukulu yaulere ya pulayimale. Koma m'chaka chomwecho Malawi adafikanso pa mlingo umene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati dziko lagonjetsa khate, ndiye kuti pa anthu 10,000 aliwonse, amene ali pa mankhwala a nthendayi sakufika ndi mmodzi yemwe. Chidali chipambano chenicheni, ndipo amene adachikhetsera thukuta, monga a bungwe la LEPRA amene kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ankayenda m'midzi kugawa mapiritsi pansi pa mitengo, ayenera ulemu. Cholakwika n'chakuti ife tidamva ngati nkhani yathera pomwepo. Khate silidathe. Chaka chilichonse zipatala zathu zikupezabe odwala atsopano mazana angapo. Ndipo ngakhale likadatha tsiku lomwelo, zala zimene zidaduka kale sizikadaphukanso, maso amene adachita khungu sakadapenyanso, ndipo eni zala ndi maso amenewo akadafunikabe kudya, kutunga madzi ndi kulera ana.

Anthu amenewo alipo. Ku Utale, m'boma la Balaka, kumene ansembe a Montfort adatsegula malo osamalirako odwala khate, kudakali okalamba amene adapitako ali achinyamata ndipo sadabwererenso kwawo. Malo otere adalipo angapo. Ku Mua, m'boma la Dedza, ansembe a White Fathers adatsegula awo mu 1927; a Seventh Day adali nawo ku Malamulo ku Thyolo, a Anglican ku Likwenu, ndipo boma lidamanga chipatala cha Kochilira ku Mchinji. Masiku oyambirirawo mankhwala ochiritsa kudalibe, ndipo atabwera adali oti munthu amwe zaka zambirimbiri. Pofika pochira, kumudzi munda adagawana kale abale, mkazi adakwatiwa kwina kapena mwamuna adatenga wina, koma mantha a anthu adali pomwe adawasiya. Wofuna kuona kukula kwa manthawo akaone mlambe wamphako umene uli m'nkhalango yosungira nyama ya Liwonde, momwe ankaikamo anthu akhate pokhulupirira kuti kuwakwirira kudetsa nthaka. Munthu wodziwa kuti kwawo ngakhale manda sadzampatsa akabwerera kukatani? Adakhala, adakwatirana okhaokha, adabereka. Lero kuli ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi.

Ana amenewa sadwala khate, ndipo ichi chiyenera kunenedwa mosabisa chifukwa ngakhale anthu ophunzira amachikayikira mumtima. Khate si la kumtundu, si lochita kulodzedwa, si tsoka lochokera kwa makolo. Limayamba ndi kachilombo kamene dokotala wa ku Norway, Gerhard Armauer Hansen, adakapeza mu 1873 mumzinda wa Bergen. Kamafala kudzera m'timadontho ta m'mphuno ndi m'kamwa, ndipo pamafunika kukhala nthawi yaitali pafupi ndi munthu amene sadayambe mankhwala. Pa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 95 matupi awo amakagonjetsa okha. Kuyambira mu 1981 pali mankhwala ophatikiza atatu, dapsone, rifampicin ndi clofazimine, amene amachiritsiratu m'miyezi 6 kapena 12, ndipo kuyambira mu 1995 amaperekedwa ulere padziko lonse. Munthu akangowayamba amaleka kupatsira ena. Tsono gogo wopanda zala amene mumamuona atakhala pakhonde adachira kalekale, mwina inu musadabadwe. Mutha kudya naye mbale imodzi, ndipo mdzukulu wake atha kugona mphasa imodzi ndi mwana wanu.

Ndidaphunzitsapo pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Balaka kumene ena mwa ana anga ankachokera m'mabanja otere, motero thandizo limene timapita nalo ndikulidziwa. Limabwera mu Disembala. Galimoto zimafika ndi matumba a ufa, shuga, sopo, mabulangete ndi zovala za kaunjika. Ana amawafoletsa kutsogolo kuti aimbe, okalamba amawakhazika pamipando manja ali poonekera, mkulu wa alendowo amalankhula, zithunzi zimajambulidwa, ndipo dzuwa lisadalowe zili kale pa Facebook. Sindikunyoza opereka. Ambiri amachita kuzipana kuti apeze zimenezo, ndipo amene adakhalako ku Balaka akudziwa mmene mvula imavutira kumeneko ndi mmene njala imalumira mu Januwale. Thumba la ufa pa nthawi imeneyo ndi moyo. Koma likatha, pakhomopo pamakhala monga padalili, ndipo mwana amene adaimba kutsogolo uja amabwerera ku ntchito imene imamulanda sukulu. Ntchito imeneyo alendo a tsiku limodzi saiona, chifukwa imachitika mbandakucha ndi madzulo, kuseri kwa nyumba.

Ine ndidaiona chifukwa cha mtsikana wina wa Sitandade 6. Adali wanzeru, wolemba mwaukhondo, koma ankafika mochedwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo nyengo ya dzinja ankajomba sabata yathunthu. Tsiku lina madzulo ndidapita kwawo. Ndidapeza mayi ake atakhala pansi pafupi ndi mafuwa, mwendo umodzi atautambasula, phazi lokulungidwa ndi chigamba cha chitenje. Mwanayo ndiye ankatakasa nsima, mayi akumuuza pothira ufa. Itapsa, mayiwo adafuna kuthandiza kuphula mphika, mwanayo adawakankha dzanja mwamsanga: "Amayi, musagwire!" Adandionetsa zikhatho zawo. Zidali ndi zipsera zatsopano pamwamba pa zakale, zala zitatu zitafupika, zotsalazo zitapindikira mkati.

"Aphunzitsi," adatero, "manjawa samva moto. Ndimadziwa kuti ndapsa ndikaona matuza mawa lake. Ndiye mwanayu ndikamulola kupita m'mamawa, ang'ono akewa adya chiyani?"

Adandiuza kuti adamaliza mankhwala mwanayo asadabadwe. M'thupi mwawo mudalibe khate. Chimene chidalipo ndi zimene khate lidasiya, ndipo apa ndi pamene opereka thandizo ambiri samvetsa. Kachilomboka kamawononga mitsempha ya m'manja, m'mapazi ndi kumaso. Mitsempha ikafa, munthu samva kupweteka, ndipo khungu limauma n'kumang'ambika chifukwa silituluka thukuta. Si khate limene limadula zala monga timaganizira. Ndi moto wa pamafuwa, mpini wa khasu umene umatupitsa matuza munthu osadziwa, minga ya m'munda, kamwala kolowa mu nsapato kamene munthu amayenda nako tsiku lonse. Iwe ndi ine tikaponda munga timakhala pansi n'kuuzula. Iye amapitirira ulendo, bala limakula, limalowa mafinya, limafika pafupa, ndipo mapeto ake ndi kudula phazi kuchipatala. Kumaso, zikope zimaleka kutsekeka bwino, fumbi ndi utsi zimalowa, diso limauma mpaka kuchita khungu.

Tsono chilonda chilichonse chimene chakula paphazi la kholo chimasanduka ntchito ya mwana. Mayi akalephera kufika kumjigo, apita ndi mwana. Akalephera kuchigayo, kunkhuni, kudimba, apita ndi mwana. Bambo akadulidwa mwendo, mnyamata wa Sitandade 7 amasiya sukulu n'kuyamba ganyu kapena kabaza. Agogo akachita khungu, pamafunika mdzukulu wowagwira ndodo, ndipo ngati apita kukapempha kutauni, mdzukuluyo ndiye amakhala nawo m'mbali mwa msewu nthawi imene anzake ali m'kalasi. Mtsikana amene watopa ndi zonsezi, mwamuna woyamba kumulonjeza sopo ndi chitenje amamutenga, ngakhale malamulo a dziko lino adakhwimitsidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18. Mungamugulire mwana wotere makope ndi yunifolomu, koma ngati phazi la mayi ake likuwola, m'kalasi simumuonamo.

N'chifukwa chake ndikuti wofuna kuthandiza anawa ayambire ku mapazi ndi manja a makolo awo. Zofunika zake si zodula. Munthu wa mapazi a dzanzi amafunika kuwaviika m'madzi tsiku lililonse, kupala khungu louma ndi mwala, kudzola mafuta monga vaselini, ndi kudziyang'ana paliponse ngati pali bala latsopano. Pamenepo pafunika beseni, sopo, mafuta ndi kagalasi koonera kuphazi. Amafunika nsapato zolimba kunsi kuti minga isaboole, zofewa mkati kuti zisatupitse, zomangira ndi malamba osavuta kwa munthu wa zala zochepa, zopanda misomali. Nsapato zotere zimatha, motero ziyenera kubwera chaka ndi chaka, ndipo wosoka nsapato wa pamsika atha kuphunzitsidwa kuzipanga ndi kuzikonza. Amafunika mapoto a zigwiriro zamtengo, makapu osatentha, mpini wa khasu wokulungidwa ndi nsalu kapena mphira, mbaula yotchinga moto m'malo mwa mafuwa, magalasi otchinga fumbi kumaso. Mjigo ukakhala pafupi, mapazi amayenda pang'ono ndipo mwana amafika kusukulu belu lisadalire. Ndaona amayi ndi abambo amene amakumana sabata iliyonse kuonana zilonda, kudzudzulana wina akanyalanyaza, ndipo mabala amene adakhala zaka adapola popanda jakisoni. Gulu lotere limangofuna munthu wazaumoyo woliyendera ndi katundu wochepa wosadukiza. Zinthu zimenezi sizikoma pachithunzi, ndipo ndiganiza n'chifukwa chake sizipezeka kawirikawiri m'galimoto za mu Disembala.

Kholo likaima pa mapazi ake, pamenepo ndiye thandizo la sukulu limagwira. Ndipo pa sukulu pempho langa ndi limodzi: musayambe chimene simudzamaliza. Ndaona ana amene wachifundo wina adawalipirira teremu yoyamba ya Fomu 1, kenako foni yake idaleka kupezeka. Mwana amene adalawa sekondale n'kubwezedwa amasweka mtima koposa amene sadapiteko. Ngakhale fizi itachotsedwa yonse, pamatsala yunifolomu, nsapato, makope, zogonera ngati sukulu ili kutali, thiransipoti potsegulira ndi potsekera, ndi zofunika za mtsikana mwezi ndi mwezi zimene amachita manyazi kupempha bambo ake. Zonsezi ndi za zaka zinayi, ndipo wolonjeza awerengere zaka zinayi. Amayi a Mvano pa mpingo umodzi, a Dorika, amayi a Chikatolika, jamaati ya pamzikiti, kapena anzake a ofesi imodzi amene amasonkha ndalama za phwando la kumapeto kwa chaka, atha kutenga mwana mmodzi kapena awiri n'kuwaperekeza mpaka mayeso a Fomu 4. Amene mutu wake suli wa mabuku amuperekeze ku ukalipentala, utelala, zomangamanga kapena zamagetsi, ndipo pomaliza amugulire zipangizo zoyambira. Ndalama zizipita kusukulu, lipoti lizibwera teremu iliyonse, ndipo wina mwa osonkhawo azimudziwa mwanayo nkhope ndi dzina. Kuli bwino ana awiri omaliza kusiyana ndi makumi awiri olandira cholembera chimodzichimodzi.

Luso ndi sukulu n'zofunika kwambiri kwa ana awa kuposa anzawo pa chifukwa china. Mwana wa m'mudzi wamba akalephera sukulu amakhala ndi munda wa mayi ake kapena wa bambo ake. Makolo a ana awa adasiya minda kumidzi imene idawakana, ndipo ena amalima timalo tochepa timene si tawo tenitweni. Mwana akakula alibe pogwira, ndipo kumudzi kwa agogo ake samudziwa.

Pali amene anganene kuti osauka m'Malawi ndi ambiri, ana amasiye ali m'mudzi uliwonse, nanga awa apambana chiyani? Ena anganene kuti imeneyi ndi ntchito ya boma. Zonse ziwiri zili ndi choona chake. Boma lili ndi udindo, ndipo mabanja otere, amene ali osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndi enieni amene ndondomeko ya Mtukula Pakhomo idawalingalira pomwe idayamba ku Mchinji mu 2006. Wachifundo amene ali ndi mawu kwa DC kapena ku ofesi yosamalira anthu achita bwino kufunsa ngati maina a mabanjawa ali m'kaundula, chifukwa pakhomo pamene anthu amaopa kufikapo mposavuta kupadumpha polemba maina. Koma pa funso loti apambana chiyani, yankho langa n'lakuti ana awa asenza katundu wina amene mwana wamasiye wamba alibe, ndipo katunduyo tidawasenzetsa ndife.

Mwana wamasiye akakazinga mandasi, anthu amagula. Mwana wa pakhomo pa munthu wopanda zala akakazinga, anthu amafunsa kaye kuti wakanda ufa ndani. Kusukulu anzake amamusiyira desiki yekha akakangana, ndipo mawu oti "mwana wa akhate" amatuluka msanga. Akakula n'kupeza mbeta, ankhoswe akapita kukafufuza kuchimuna kapena kuchikazi amabwerako akugwedeza mutu kuti mtundu umenewo uli ndi nthenda, ukwati n'kuthera pomwepo. Ndikudziwa achinyamata amene adapita kutauni n'kumauza anthu kuti makolo awo adamwalira, makolowo ali moyo. Sindiwaweruza, koma ndimaganiza za mayi amene mwana wake sangamuitane ku ukwati wake. Nawo abusa ndi alaliki aganizepo: nthawi iliyonse imene khate latchulidwa paguwa ngati chithunzi cha tchimo, pamakhala mwana wina m'tchalitchimo amene akuganiza za manja a agogo ake.

Ku Japan, kumene lamulo lotsekera odwala khate m'malo awoawo lidachotsedwa mochedwa mu 1996, nkhani ya ana idafika mpaka kukhoti. Mu 2019 khoti la ku Kumamoto lidagamula kuti boma lipepese ndi ndalama abale a odwalawo, ana ndi abale amene sadadwalepo khate, chifukwa cha tsankho limene adakumana nalo kusukulu, pantchito ndi pa ukwati. Nduna yaikulu ya nthawiyo, Shinzo Abe, sidachite apilo ndipo idapepesa. Sindikunena kuti nafenso tithamangire kukhoti, pakuti mbiri yathu ndi ina. Koma khotilo lidavomereza chimene ife timachizemba, chakuti mwana wosadwala atha kupwetekedwa moyo wonse ndi mmene anthu amaonera kholo lake. Ndiye tikamufoletsa kutsogolo, kumujambula ndi kulemba pansi pa chithunzi kuti awa ndi ana a kumudzi wa akhate, tizidziwa kuti chithunzicho chidzakhalapo pa intaneti iye akudzafunsira ntchito ndi banja, ufa uja utaiwalika kale. Mutha kupereka osajambula ana. Ngati amene adasonkha akufuna umboni, ajambuleni mjigo, nsapato ndi malisiti.

Tsankholi lili ndi mtengo winanso umene tonse timalipira. Odwala atsopano masiku ano sakupezeka kwenikweni m'malo akale aja. Ali m'midzi wamba, ndipo ambiri amabisa. Munthu akaona banga lotuwa kapena lofiirira pakhungu, losayabwa, limene samva kanthu akalikhudza ndi thonje, amayamba wadzola mankhwala a chipere, kenako kwa asing'anga, ndipo kuchipatala amafika zala zitayamba kupindika. Amabisa chifukwa waona mmene timachitira ndi amene adadziwika. Nthendayi imatha kubisala m'thupi zaka zisanu, nthawi zina mpaka 20, ndipo pa nthawi yonse imene wodwala sakumwa mankhwala, amene ali pangozi ndi ana ogona naye nyumba imodzi. Mwana akapezeka ndi khate, azaumoyo amadziwa kuti kachilombo kakufalabe m'deralo. Njira zotetezera zilipo. Kafukufuku amene adayamba ku Chilumba m'boma la Karonga mu 1979, ndipo pambuyo pake adatemera anthu oposa 120,000, adasonyeza dziko lonse kuti katemera wa BCG, yemwe uja wa chipsera chapamkono, amachepetsa ngozi ya khate pafupifupi ndi theka. Kuyambira mu 2018 WHO imalimbikitsanso kuti okhala ndi wodwala apimidwe ndi kumwa rifampicin kamodzi kokha kuti atetezeke. Gulu lachifundo limene lingalipire mafuta a njinga yamoto kuti wazaumoyo wodziwa khungu afike m'sukulu ndi m'midzi yakutali lateteza ana ambiri ku ulumali, ngakhale palibe amene adzaliimbire nyimbo.

Chotsala n'chakuti tiziwafunsa eni ake. Anthu awa ndi akuluakulu, adalera ana ndi manja amenewo, ali ndi makomiti awo, ndipo akudziwa nyumba imene ikudontha ndi mwana amene watsala pang'ono kusiya sukulu. Musanagule kanthu, tumizani anthu awiri akakhale nawo pansi tsiku wamba, opanda kamera, akapereke moni wa m'manja ndi kulandira madzi akumwa akapatsidwa. Mudzamva zina zimene simukadaziganiza muli kutauni: wina akufuna mbuzi, wina malata awiri, wina ndalama ya minibasi yokaonetsa diso, wina akungofuna kuti munthu akalankhule ndi amfumu akwawo kuti mwana wake apatsidweko malo a makolo.

Tsiku lokumbukira khate padziko lonse limakhala Lamulungu lomaliza la Januwale, ndipo adaliyambitsa ndi Mfalansa Raoul Follereau mu 1954. Ndi tsiku labwino lolankhulira m'matchalitchi ndi pa wailesi. Koma kwa mwana, nthawi imene zinthu zimapsa ndi ina: ndi pamene zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zatuluka, dzina lake lili pa mndandanda wa osankhidwa, ndipo sukulu zikutsegulira mu Sepitembala. Masabata ochepa amenewo ndi pamene banja limakhala pansi kuona ngati pali ndalama ya yunifolomu ndi thiransipoti, komanso ngati mayi angathe kuphika ndi kutunga madzi okha mwanayo akachoka. Amene mukukonza zodzapita ndi mphatso kumapeto kwa chaka, gawani ndalamazo pawiri, ndipo gawo lalikulu mupite nalo mu Ogasiti.